Tikiti yalembedwa Milan koma ndege ikukatera ku Bergamo: tigone kuti, tikaone chiyani?

Tiyamike (Leicester): Moni nonse pagulu pano. Ndigawireniko nzeru abale. Tapeza matikiti a ndege otchipa opita ku Italy mwezi wamawa, ine, bambo akunyumba ndi apongozi anga aakazi. Tinyamuka Lachisanu m'mawa, kubwerera Lolemba madzulo. Pa tikiti alemba kuti Milan Bergamo, koma pa mapu ndikuona kuti bwalo la ndegelo lili kutali ndithu ndi Milan. Hotela sitinalipire. Tikangotsika tikwere basi ya ku Milan, kapena ku Bergamo komweko kuli choona? Apongozi mawondo amawavuta, sangayende mtunda wautali, ndipo Lamulungu Misa saphonya.

Mphatso (Joni): Achemwali, pamenepanso n'pofunsa? Anthu akadzakufunsani kuti ku Italy munali kuti, mudzati ku Bergamo? Akudziwako ndani? Pitani ku Milan, mukajambulitse kutsogolo kwa Duomo, katedulo yaikulu ya kumeneko, mugule nsapato zabwino, mubwerere.

Nambewe (Bergamo): A Mphatso mwandiputa dala. A Tiyamike, ine ndimakhala komweku, ndiye ena anena kuti ndikukometsa kwanga, koma mverani kaye.

Mzindawu uli pawiri. Kumunsi ndi Città Bassa, kumene kuli siteshoni ya sitima, mabanki, mashopu ndi mahotela ambiri. Pamwamba pa phiri pali Città Alta, mzinda wakale wozingidwa ndi linga la miyala. Bwalo la ndege la Orio al Serio lili pafupifupi makilomita 5 kuchokera m'tauni muno, pamene Milan ili makilomita oposa 45. Basi nambala 1 imanyamukira pakhomo penipeni pa bwalo la ndege, imaima pa siteshoni, n'kupitirira mpaka kumtunda. Alendo ambiri amangotsika ndege n'kuthamangira basi ya ku Milan, phirilo amangoliona pawindo. Ine maganizo anga ndi akuti mugone kuno. Milan ndi ulendo wa pa sitima wosakwana ola limodzi, mutha kupita m'mawa n'kubwera madzulo.

Hotela funani kumunsi, cha ku Porta Nuova kapena pakati pa Porta Nuova ndi siteshoni. Kumtunda n'kokongola kugonako koma misewu yake ndi ya timiyala tobulungira, kukoka sutikesi pamenepo mateyala amathothoka.

Tiyamike (Leicester): Nanga phirilo apongozi akwera bwanji?

Nambewe (Bergamo): Sakwera wapansi. Pali funicolare, kasitima kokokedwa ndi chingwe, kamene kadayamba kuyenda mu 1887. Kamanyamukira pa Viale Vittorio Emanuele II, kamakwera mamita 85 m'mphindi zochepa, kamaboola linga lenilenilo n'kukakutsitsani m'kati mwa nyumba yakale pa Piazza Mercato delle Scarpe. Tikiti yake ndi yomweyo ya basi za m'tauni. Vuto ndi mzere Loweruka ndi Lamulungu masana, chifukwa anthu a ku Milan nawo amabwera kudzapitidwa mphepo. Mukaona mzere wafika pamsewu, kwerani basi nambala 1 yomwe ija, imazungulira m'mbali mwa linga n'kukakusiyani ku Colle Aperto, mbali ina ya mzinda wakalewo.

Mukatsika funicolare mumalowa mu Via Gombito, kamsewu kopapatiza kokwera pang'ono. Osathamanga, mphindi khumi mwafika pa Piazza Vecchia, bwalo lalikulu la mzinda wakalewo. Zinthu zikuluzikulu zonse zili pamenepo, moyandikana, moti munthu wa mawondo atha kuona chimodzi, kukhala pansi, kenako china.

Aphunzitsi Zimba (Chipata): Ine sindinapondeko ku Italy koma mbiri ndidaphunzitsa, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo pa za lingalo. Bergamo idalowa m'manja mwa Venice mu 1428 ndipo idakhala choncho mpaka 1797. Unali mzinda wa m'malire: kuwoloka mtsinje wa Adda kunali kale dziko la Milan, lomwe m'zaka za m'ma 1500 lidagwa m'manja mwa Spain. Pochita mantha, a ku Venice adayamba kumanga lingalo mu 1561, n'kudzalimaliza mu 1588. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 5, zipata zake zinayi. Kuti malo apezeke adagumula nyumba pafupifupi 250, kuphatikizapo tchalitchi chakale cha Sant'Alessandro momwe munali manda a woyera amene mzindawo umamutenga ngati nkhoswe yake. Ndiye chondiseketsa n'chakuti nkhondo imene ankaiopayo siidabwere. Palibe mdani adalizingapo. Mu 2017 UNESCO idaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse.

Mphatso (Joni): Mwamva? Kugumulira anthu nyumba 250 chifukwa cha nkhondo yam'mutu. Lero mukuti tilipire ndege kukaona mpanda.

Aphunzitsi Zimba (Chipata): Ayi achimwene, mwina nkhondoyo siidabwere chifukwa mpandawo unalipo. Koma pa za anthu ogumuliridwa nyumba ndikugwirizana nanu, eni mzinda sadafunsidwe.

Nambewe (Bergamo): Ndipo mpandawo salipiritsa a Mphatso, mumangoyendapo. Komanso ndi umene udapulumutsa Città Alta. Mzinda utayamba kukula, mafakitale ndi nyumba zatsopano zidapita kumunsi, kumtunda kudatsala momwe kudaliri. A Tiyamike, musayese kuuzungulira wonse ndi apongozi. Pitani pa Porta San Giacomo pokha, chipata cha mwala woyera chimene chimaonekera kumunsi konse. Pamwamba pake pali mkango wamapiko wa Marko woyera, chizindikiro cha Venice, ndipo kutsogolo kwake kuli mlatho wamiyala wotsetsereka. Mukaima pamenepo chigwa chonse chili pansi panu, ndege zikutera ku Orio ngati zoseweretsa, ndipo kukayera bwino mumaona nyumba zitalizitali za ku Milan chapatali. Dzuwa likamalowa m'pamene anthu amadzaza, achinyamata atakhala pakhoma miyendo ili lendelende kuphompho. Ana anga ndimawaletsa zimenezo.

Dalitso (Dublin): Nonse mukusiya nkhani yeniyeni. Bergamo ndi kwawo kwa Atalanta! Pa 22 May 2024 adakwapula Bayer Leverkusen 3-0 konkuno ku Dublin mu fainolo ya Europa League, zigoli zonse zitatu Ademola Lookman wa ku Nigeria. Leverkusen imeneyo inali isanagonjepo sizoni yonse. A Mphatso mukuti akudziwako ndani? Funsani aliyense woonera mpira ku Ndirande.

Mphatso (Joni): Timu ndikuidziwa, sindimadziwa kuti ndi ya kumeneko.

Dalitso (Dublin): Achemwali a Tiyamike, uzani alamu ayang'ane ngati sabata imeneyo Atalanta ikusewera pakhomo. Sitediyamu ili m'tauni momwemo.

Tiyamike (Leicester): Musawauze zimenezo chonde, ndingatsale ndekha ndi apongozi tsiku lonse.

Sr. Agnes (Roma): Moni a Tiyamike. Apongozi anuwo kwawo n'kuti kumudzi?

Tiyamike (Leicester): Ku Balaka asisteri, cha ku Utale.

Sr. Agnes (Roma): Ndiye musalimbane nazo, agoneni ku Bergamo. Munthu wa ku Balaka akafika kumeneko ali ngati wapita kwa achibale. Ambiri mwa ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy amene adagwira ntchito ku Balaka ndi ku Mangochi kwawo ndi m'midzi yozungulira Bergamo. Ambuye Alessandro Pagani, amene adakhala episkopi wa Mangochi kuyambira 2007 mpaka 2013, adabadwira ku Torre Boldone, kunja pang'ono kwa mzindawo. Bambo Mario Pacifici a Alleluya Band nawo ndi a chigawo chomwecho. Muzamva okha: m'maparishi ena mukangotchula Malawi anthu amayamba kukufunsani za Balaka.

Chachiwiri ndi Papa Yohane wa 23. Dzina lake linali Angelo Giuseppe Roncalli, adabadwa mu 1881 ku Sotto il Monte, mudzi wa kuzambwe kwa Bergamo, m'banja la alimi olima munda wa eni ake n'kumagawana zokolola. Seminale adayambira ku Bergamo, ndipo atadzozedwa adakhala mlembi wa episkopi wa komweko. Adasankhidwa kukhala Papa mu 1958, adamwalira mu 1963. Zaka zochepa, koma ndiye adatsegula msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri mu 1962, umene udatsegula njira yoti Misa izichitika m'zinenero zathu. Mu nthawi yake, mu 1959, Blantyre idakhala arkidayosizi, ndipo mu 1960 adasankha Laurean Rugambwa wa ku Tanganyika kukhala kadinala. Adalengezedwa woyera mu 2014. Thupi lake lili kuno ku Roma, koma ku Sotto il Monte kuli nyumba imene adabadwiramo, ndi ina yotchedwa Ca' Maitino kumene ankapumulira pa tchuthi, mmene amasungiramo katundu wake. Anthu a msinkhu wa apongozi anuwo amamukumbuka bwino.

Tiyamike (Leicester): Ndawawerengera uthenga wanuwu asisteri. Akuti Milan tipite tokha, iwo atsala ndi Papa wawo.

Che Jafali (Brescia): Ku Sotto il Monte pa basi n'kovuta pang'ono, makamaka Lamulungu basi zimachepa. Ndi munthu wamkulu ndi bwino kupangana ndi wa takisi kapena kubwereka galimoto ya tsiku limodzi. Ndikakhala kuti sindili pantchito nditha kudzakutengani, Brescia ndi pafupi. Tilankhulane kumbali.

Sr. Agnes (Roma): Mulungu akudalitseni Che Jafali. Za Misa: katedulo ya Sant'Alessandro ili kuseri kwa Piazza Vecchia, Lamulungu kumakhala Misa zingapo, zonse m'Chitaliyana, koma dongosolo ndi lomwelo, satayika. M'kati muli kachipinda kopatulidwira Papa Yohane. Alessandro woyerayo, malinga ndi mwambo wa Mpingo, anali msilikali wa gulu lochokera ku Thebes ku Egypt amene adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Chaka chake ndi pa 26 August. Povala, mapewa ndi mawondo zibisike, pena amabweza pakhomo.

Nambewe (Bergamo): Ndibwerere pa Piazza Vecchia, chifukwa m'pamene ndikufuna muthere nthawi. Pakati pali kasupe wa Contarini wa mu 1780, wozunguliridwa ndi mikango yamwala yoluma unyolo. Mbali ina kuli nyumba yoyera ya laibulale ya Angelo Mai, mbali inayo Palazzo della Ragione, nyumba ya boma la mzinda ya m'zaka za m'ma 1100, yoimikidwa pa zipilala moti anthu amadutsa pansi pake. Mukamadutsa pansipo yang'anani pansi. Pali mzere wautali wa mwala woyera wolembedwa miyezi, adauika mu 1798. Pamwamba pa khonde pali kachitsulo koboola pakati. Dzuwa likafika paliwombo, kuwala kumadutsa pa kabowoko n'kugwa pa mzerewo, pamalo osonyeza tsiku la mwezi. Anthu amapondapo osadziwa, maso ali pa foni.

Pambali pake pali nsanja, Campanone, yotalika mamita 52. Ili ndi chikepe, ndiye apongozi atha kukwera. Usiku uliwonse 10 koloko belu lake lalikulu limalira ka 100. Kale chinali chizindikiro choti zipata za linga zikutsekedwa, amene ali kunja afulumire. Zipata zidasiya kutsekedwa kalekale koma belu silidasiye. Mukadya chamadzulo kumtunda, dikirani mulimve, kenako mutsike.

Mukangodutsa pansi pa Palazzo della Ragione mumatulukira pa kabwalo kakang'ono, Piazza Duomo, pomwe zinthu zapanikizana: katedulo kumanzere, Santa Maria Maggiore kutsogolo, Cappella Colleoni pambali pake. Kwa ine choposa zonse ndi Santa Maria Maggiore. Adayamba kumanga mu 1137, anthu atalumbira kwa Amayi Maria pa nthawi ya mliri. Tchalitchichi n'chachilendo: khomo lakutsogolo chilibe, mumalowera m'mbali. Khomo la ku bwaloli lili ndi mikango iwiri ya mwala wofiira yosenza zipilala, la kuseri mikango yoyera. Musanalowe yang'anani pakhoma pafupi ndi mikango yofiirayo: pakhomedwa zitsulo zazitali zowongoka. Imeneyo inali miyeso ya boma. Wogula nsalu akakayika kuti wamalonda wamubera, ankabwera kudzayeza pakhoma la tchalitchi.

Kunja ndi mwala wosalala wopanda zambiri, koma mukalowa maso amachita chizungulire: denga lonse golide ndi zojambula, makoma okutidwa ndi nsalu zikuluzikulu zolukidwa ku Florence ndi ku Flanders. Osatengeka ndi golideyo. Pitani kutsogolo, pa mpanda wamatabwa wotchinga malo a kwaya. Pali zithunzi zinayi: chigumula cha Nowa, kuwoloka Nyanja Yofiira, Yuditi, ndi Davide ndi Goliati. Mukaima patali mumati ndi penti. Mukayandikira mumaona kuti ndi tizidutswa ta mitengo yosiyanasiyana, todulidwa n'kulumikizidwa, moti mafunde a madzi ndi mizere ya mtengo weniweniwo. Adazilemba papepala ndi Lorenzo Lotto kuyambira mu 1524, mmisiri wa matabwa Giovan Francesco Capoferri ndiye adazipanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pamenepa munthu wothamangira basi sapindulapo kanthu. Chakumbuyo m'tchalitchi momwemo muli manda a Gaetano Donizetti, wopeka nyimbo za opera, amene adabadwira mumzinda uno mu 1797 n'kumwalirira momwemo mu 1848. Alendo odzaona amalipira kangachepe pakhomo.

Aphunzitsi Zimba (Chipata): Ndiwonjezereko: tchalitchi chimenecho sichili m'manja mwa episkopi monga katedulo. Kuyambira mu 1449 chimayang'aniridwa ndi bungwe lothandiza osauka lotchedwa Misericordia Maggiore, limene lidayamba mu 1265 ndipo likadalipo. Chinali tchalitchi cha eni mzinda.

Dalitso (Dublin): Anambewe mwadumpha dala za pa geti la Colleoni. Nenani zonse.

Nambewe (Bergamo): Pali asisteri pano a Dalitso.

Sr. Agnes (Roma): Nenani, ndidaziona kale.

Nambewe (Bergamo): Chabwino. Bartolomeo Colleoni anali mkulu wa asilikali aganyu, womenyera nkhondo amene wamulipira. Adamenyerako Milan, adamenyerako Venice, mapeto ake n'kukhala mkulu wa asilikali onse a Venice, wolemera koopsa. Atakalamba adafuna manda oti aliyense aziwaona, ndiye adagumula chipinda chovalira ansembe cha Santa Maria Maggiore n'kumangapo kachisi wakewake. Mmisiri anali Giovanni Antonio Amadeo, m'zaka za m'ma 1470. Kutsogolo kwake ndi miyala yofiira, yoyera ndi yakuda yoyalidwa ngati nsalu, ndipo ndi chimene alendo amajambula kwambiri. M'kati muli iye mwini atakwera hatchi yamtengo yokutidwa golide, pamwamba pa manda ake. Adamwalira mu 1475. Chapambali pali manda a mwana wake wamkazi Medea, amene adamwalira ali mtsikana mu 1470. Ine amandikhudza ndi amenewo, osati hatchiyo.

Tsono zimene akufuna a Dalitso: pa geti lachitsulo pali chizindikiro cha banja la Colleoni, ndipo pachizindikiropo pali tinthu tija ta abambo, titatu m'malo mwa tiwiri. Anthu amati ukatisisita umapeza mwayi. Geti lonse ndi lakuda koma pamenepo pokha pamawala mbee chifukwa cha manja a anthu.

Mphatso (Joni): Hahaha! Basi ndasintha maganizo, ndikubwera.

Tiyamike (Leicester): Pamenepo ndidzawadutsitsa mwachangu apongozi, ndidzawalozera nkhunda.

Kondwani (admin): Abale, nkhani ya getiyi ithere pomwepa. Tibwerere ku za ulendo.

Nambewe (Bergamo): Kachisi wa Colleoni kulowa n'kwaulere koma amatseka nthawi ya nkhomaliro, komanso musamusiyire Lolemba. Muoneni Lachisanu kapena Loweruka.

Che Jafali (Brescia): Ine ndinene za chakudya, poti palibe wazitchula. Dera lino chakudya chawo ndi polenta, ndipo polenta ndi nsima basi, ya mgaiwa wachikasu, yophikidwa nthawi yaitali mumphika wamkuwa. Apongozi sadzadandaula. Kuli ina yotchedwa taragna, yoderako chifukwa amasakaniza ufa wa chimanga ndi wa mbewu ina, n'kuthiramo chizi ndi batala wambiri. Imeneyo ikakhala pamimba simufunanso kanthu mpaka mawa. Chenjezo kwa amene sadya nkhumba ngati ine: casoncelli, timapasta tokulunga nyama m'kati timene lesitilanti iliyonse imagulitsa, amatithira tizidutswa ta nkhumba pamwamba, ndipo m'kati namonso nthawi zambiri imakhalamo. Funsani musanaitanitse.

M'mawindo a mabekare a mu Via Gombito ndi Via Colleoni mudzaona timipira tachikasu tokhala ndi timbalame ta chokoleti pamwamba, polembedwa polenta e osei. Musapusitsike, si nsima imeneyo, ndi keke yotsekemera kwambiri. Amatengera chakudya chakale cha polenta ndi mbalame zing'onozing'ono zokazinga. Gulani kamodzi kakang'ono mugawane atatu, n'kokwanira.

Chisomo (Manchester): Poti ndine namwino ndinenepo ichi. Polenta imeneyi ili ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 alimi osauka a kumpoto kwa Italy ankadya chimanga chokhachokha, ndiwo zosowa, ndipo ambiri adadwala pellagra, matenda othetheka khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokonekera mutu, obwera chifukwa chosowa niacin m'thupi. Ndi omwewo amene timawaona kwathu chaka cha njala. Dera limene lero ndi limodzi mwa olemera kwambiri ku Italy, agogo awo ankathawa umphawi kupita maiko ena.

Nambewe (Bergamo): Zoona a Chisomo, okalamba kuno amazikamba. Pa zotsekemera ndiwonjezere ayisikilimu wa stracciatella, woyera wa tizidutswa ta chokoleti. Adayambira konkuno mu 1961 pa La Marianna, ku Colle Aperto, ndipo malowo akadalipo. Pafupi pomwepo, mukatuluka Porta Sant'Alessandro, pali funicolare yachiwiri yokwera ku San Vigilio, pamwamba penipeni, kumene Città Alta yonse mumaionera pansi ndi nsanja zake, kumbuyo kwanu kuli mapiri. Kukachita nkhungu musavutike.

Che Jafali (Brescia): Pa bilu ya lesitilanti mudzaona mawu oti coperto, ndalama ya munthu aliyense wokhala patebulo. Si kuba, ndi mmene amachitira dziko lonse lino, ndipo imalembedwa pa menyu. Khofi mukamwera chiimire pa kauntala ndi wotchipa, mukakhala pa mpando wa pa Piazza Vecchia mukulipiranso malowo. Ine ndidadyapo pa lesitilanti ina ya pamsewu waukulu wa kumtundako, polenta yake inali yotenthetsa kachiwiri, youma m'mbali. Lowani m'timisewu ta m'mbali, muone kumene akudya eni dera. Madzi musagule, mipopi ya m'misewu ndi yabwino kumwa.

Mphatso (Joni): Koma abale tinene chilungamo. Zonse mwatchulazi ndi matchalitchi, manda, mpanda ndi nsima yachikasu. Achemwaliwa agwira ntchito chaka chonse, akufuna kuona za makono. Duomo ya Milan, mashopu a mu Galleria, sitediyamu ya San Siro, mashopu a mafashoni. Mukufuna abwerere ndi zithunzi za miyala yokhayokha?

Chisomo (Manchester): Apa a Mphatso ali ndi mfundo. Ine ku Milan ndidakondwako. Duomo adayamba kumanga mu 1386, ndipo umakwera padenga n'kumayenda pakati pa timinsanja tamwala, chikepe chiliponso. Zimenezo ku Bergamo kulibe. Ndiye pali chithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci pakhoma la chipinda chodyera ku Santa Maria delle Grazie. Koma chimenecho matikiti amatha miyezi isanakwane, amalowetsa timagulu tochepa, mphindi 15 zokha. Ngati mukuchifuna yang'anani lero lomwe pa intaneti.

Nambewe (Bergamo): Sindikukana Milan, ndikukana kugonako. Mahotela ndi odula, mtunda pakati pa zinthu ndi wautali, masitepe a sitima za pansi pa nthaka ndi ambiri kwa munthu wa mawondo. Ndipo Lolemba mudzafunika kubwerera kuno ndithu kudzakwera ndege. Za mashopu, moyang'anizana ndi bwalo la ndege pali Oriocenter, imodzi mwa mamolo akuluakulu mu Italy. Nsapato za a Mphatso zili mmenemo.

Mphatso (Joni): Nsapato ya ku molo ya pa eyapoti si nsapato ya ku Milan.

Dalitso (Dublin): Imalembedwa pansi kuti idagulidwa kuti?

Aphunzitsi Zimba (Chipata): Anambewe, nanga Accademia Carrara, nyumba yosungiramo zojambula ija? Ndimamva kuti muli zojambula za Mantegna, Bellini, Botticelli ndi Raphael.

Nambewe (Bergamo): Zilimo aphunzitsi, pamodzi ndi za Lotto yemwe uja. Adayambitsa ndi Giacomo Carrara, munthu wolemera amene adasiyira mzinda zojambula zake pomwalira mu 1796. Ili kumunsi kwa linga, mbali ya Porta Sant'Agostino. Ine ndimapitira Giovanni Battista Moroni, wa ku Albino kufupi konkuno, amene ankajambula nkhope za anthu ngati akupuma. A Tiyamike mwina mudaonako chithunzi chake cha telala wagwira sizasi ku National Gallery ku London. Koma ndi masiku ochepa chonchi, ndiponso ndi munthu wamkulu, ndingaiike pa mndandanda wa mvula ikagwa. Muyang'aniretu pa webusaiti yawo tsiku limene amatseka.

Chisomo (Manchester): Ine dzina la Bergamo ndidalidziwira pa Covid. Chithunzi chija cha March 2020, magalimoto a asilikali atandandana usiku atanyamula mabokosi a maliro kupita nawo mizinda ina chifukwa kumanda kudadzaza. Ife m'mawodi kuno tidachiona tikudziwa kuti zikubwera kwathu.

Nambewe (Bergamo): Linali pa 18 March, ndipo tsiku limenelo Italy yonse tsopano imakumbukira omwalira ndi mliriwo. Pafupi ndi chipatala chachikulu chotchedwa dzina la Papa Yohane adadzala nkhalango ya chikumbutso. Si malo a alendo, ndipo nkhaniyi musaiyambitse mwachibwana ndi munthu wa kuno, pafupifupi banja lililonse lidataya wina. Akaiyamba okha, mvetserani.

Kondwani (admin): A Tiyamike, funso limene palibe wafunsa: mapasipoti anu ndi ati? Ngati ndi a Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Italy, pamafunika viza ya Schengen, ndipo malo okaperekera mafomu amadzaza msanga.

Tiyamike (Leicester): Apongozi ndi bambo ali ndi a UK, ine viza ndidatenga kale, zikomo a admin. Ndiye tagwirizana chonchi kunyumba kuno: tigona kumunsi ku Bergamo. Lachisanu masana tikwera funicolare, Piazza Vecchia ndi matchalitchi aja, tidikire belu. Loweruka ine ndi bambo tipita ku Milan, apongozi akuti apuma. Lamulungu Misa ku katedulo, kenako Sotto il Monte ngati Che Jafali apezeka. Lolemba San Vigilio kukayera, kukagwa mvula Carrara.

Nambewe (Bergamo): Loweruka musawasiye okha mu hotela. Ndidzawatenga adzadye kwathu, ufa woyera ndili nawo.

Tiyamike (Leicester): Anambewe mwatichitira ulemu waukulu, ndikuimbirani madzulo ano.

Mphatso (Joni): Pa Duomo mujambulitse ndithu, mutumize pano. Ndipo ku Milan chikwama kutsogolo, pa siteshoni ya Centrale ndi mu sitima za pansi akuba ndi akatswiri. Wina akakupatsani kachingwe kovala padzanja kapena chimanga chodyetsa nkhunda, manja m'thumba, amalipiritsa pambuyo.

Che Jafali (Brescia): Chomaliza: tikiti ya pepala ya sitima ya Bergamo–Milan muidinditse m'kamakina ka pa pulatifomu musanakwere, ya basi m'kamakina ka m'basimo. Woyendera akakupezani nayo yosadinda amalipiritsa faindi pompo, zoti ndinu alendo samva. Lamulungu ndidzakupezani pa Colle Aperto Misa ikatha, chifukwa galimoto za anthu osakhala kumtunda sizilowa m'kati mwa mzinda wakalewo.